Majini Othandizira a Kachilombo ka Korona: Mafunso ndi Mayankho

Pa nthawi yonse imene COVID-19 inali mkamwamkamwa, puloteni yomwe inatchuka inali ya spike, timinga tija timene timazungulira kachilomboka. Katemera analunjika pamenepo, ndipo mtundu watsopano ukatulukira, funso loyamba linkakhala lakuti spike yasintha bwanji. Komatu chakumapeto kwa RNA ya kachilombo ka korona kuli majini (tizigawo ta malangizo opangira mapuloteni) ena aang'onoang'ono amene satchulidwa kawirikawiri, ngakhale kuti ali ndi mbali yaikulu pa mmene matenda amakulira m'thupi. Mafunso otsatirawa akukhudza majini amenewo.

Kodi majini othandizira ndi chiyani?

Malangizo onse a kachilombo ka korona analembedwa pa ulusi umodzi wa RNA wa zilembo pafupifupi 30,000. Ka SARS-CoV-2 (kachilombo koyambitsa COVID-19) koyamba kuwerengedwa konse, kochokera kwa wodwala wa ku Wuhan, kanali ndi zilembo 29,903. Magawo awiri mwa atatu a ulusiwu amapanga mapuloteni 16 amene ntchito yawo yaikulu ndi kukopera RNA kuti tizilombo tichuluke. M'gawo lotsalalo muli majini anayi omangira thupi la kachilombo, omwe amadziwika ndi zilembo S (ya spike ija), E, M ndi N. Mukachotsa imodzi mwa majini akuluakuluwa, kachilombo kamalephereratu kuswana kapena kamaswana movutikira kwambiri.

Pakatipakati pa majini anayiwo pamapezeka ena afupiafupi okhala ndi mayina osasangalatsa monga ORF3a, ORF6, ORF7a, ORF8 ndi ORF9b. Zilembo za ORF zimangotanthauza chigawo cha RNA chimene selo lingawerenge n'kupanga puloteni, ndipo nambalayo imasonyeza malo ake pa ulusi. Asayansi atapeza njira yodula jini imodzi n'kupanganso kachilombo kopanda jiniyo, anaona kuti tizilombo topanda majini afupiafupiwa timaswanabe bwinobwino m'maselo a mu labotale. N'chifukwa chake m'Chingelezi anawatchula kuti accessory genes, kutanthauza majini ongothandizira.

Ngati kachilombo kangathe kuswana popanda majiniwa, kamawasungiranji?

Chifukwa mbale ya mu labotale si thupi la munthu kapena la nyama.

Selo la m'thupi likazindikira RNA yachilendo, makamaka ya maulusi awiri olumikizana yomwe imapangika kachilombo kakamadzikopera, limatulutsa puloteni yotchedwa interferon. Puloteni imeneyi imachenjeza maselo oyandikana nalo, ndipo iwo amayatsa majini mazanamazana olimbana ndi kachilombo kasanawafike n'komwe. Zonsezi zimachitika m'maola oyambirira, pamene ma antibody, mapuloteni achitetezo a m'magazi amene amagwira tizilombo, amatenga sabata kapena kuposerapo kuti apangidwe okwanira. Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann ndi amene anatulukira interferon mu 1957 ku London.

Tsono maselo amene ofufuza amakonda kuswetsamo tizilombo ta korona, otchedwa Vero, anachokera ku impso za pusi wa ku Africa ndipo anayamba kusungidwa ku Japan mu 1962. Maselo amenewa anataya majini opangira interferon ya mtundu woyamba. N'chifukwa chakenso amakondedwa, popeza tizilombo timachulukana mosavuta m'menemo. Koma kuyesera jini yolimbana ndi interferon m'maselo osapanga interferon kuli ngati kuyesera chida chothyolera loko pa nyumba yopanda chitseko: wakuba alowa ndithu, kaya ali nacho kaya alibe, ndipo woonerera anganene kuti chidacho n'chachabechabe.

Umboni wakuti majiniwa ali ndi ntchito unaliponso kale m'chilengedwe. Kachilombo ka RNA kamasintha mofulumira, ndipo chigawo chimene chilibe phindu chimawonongeka msanga kapena kuthothoka. Jini imene yakhalabe yathunthu kwa mibadwo yosawerengeka ya tizilombo, ndiye kuti ikugwira ntchito inayake. Mu 2002, ofufuza a ku Utrecht m'dziko la Netherlands anachotsa majini othandizira m'kachilombo ka korona ka mbewa. M'mbale kankaswanabe, koma atakabaya mbewa zamoyo, kanali kofooka kwambiri poyerekeza ndi kathunthu.

Kodi pali chitsanzo chooneka bwino cha mmene jini imodzi imasinthira matenda?

Chilipo, ndipo mwa zitsanzo zonse, chimenechi ndi chimene chimamveketsa nkhaniyi bwino koposa. Chikuchokera ku kachilombo ka korona kotchedwa MHV, komwe kamadwalitsa mbewa chiwindi ndi ubongo. Kali ndi jini yothandizira yotchedwa ns2, imene kwa zaka zambiri inkaoneka yopanda ntchito.

Selo lili ndi msampha wina wogwira ntchito motere. Puloteni yotchedwa OAS ikakhudza RNA ya maulusi awiri, imapanga kanthu kakang'ono kotchedwa 2-5A. Kanthuka kamadzutsa puloteni ina, RNase L, yomwe imayamba kuduladula RNA iliyonse imene yapeza m'selomo, ya kachilombo ndi ya selo lomwe. Selolo limatha kufa, koma limafa limodzi ndi kachilomboko. Mu 2012, gulu la Susan Weiss la ku University of Pennsylvania, mogwirizana ndi Robert Silverman wa ku Cleveland Clinic, linasonyeza kuti ntchito ya ns2 ndi kuphwanya 2-5A isanafike kwa RNase L. Uthenga ukaduka panjira, RNase L sidzuka.

Chimene chinachitika m'mbewa ndi ichi. Anasintha amino asidi (kachidutswa komangira puloteni) imodzi yokha mu ns2 kuti puloteniyo isagwirenso ntchito. Kachilombo kosinthidwako kankaswana m'ubongo ngati kanzake kathunthu, koma m'chiwindi kankalephera, ndipo mbewa sizinkadwala chiwindi. Kenaka anatenga mbewa zimene zinabadwa zilibe RNase L n'kuzipatsa kachilombo komweko kopunduka. M'mbewa zimenezi kanalowa m'chiwindi n'kuchiwononga ngati kuti sikanasinthidwe n'komwe.

Taonani bwino zimene zikutuluka pamenepa. Jini yomweyo inali yofunika m'chiwindi, yosafunika m'ubongo, ndiponso yosafunika m'chiwindi cha mbewa yopanda msampha uja. Choncho funso lakuti jini yakutiyakuti ndi yoopsa bwanji silingayankhidwe lokha. Muyenera kufunsanso kuti m'chiwalo chiti, ndiponso m'thupi la ndani.

Kodi tizilombo tonse ta korona tili ndi majini othandizira ofanana?

Ayi, ndipo apa m'pamene tizilomboti timasiyana kwambiri. Majini okopera RNA ndi omangira thupi amafanana ndithu m'banja lonseli, koma othandizirawa amasiyana chiwerengero komanso mtundu. Ka NL63, kamene kamayambitsa chimfine ndipo kanapezeka ku Netherlands mu 2004, kali ndi jini yothandizira imodzi basi. Ka MERS, kochokera ku ngamila, kali ndi asanu. Ka SARS, kamene kanabuka ku Guangdong mu 2002, kali ndi 8. Ka SARS-CoV-2 kali ndi ofanana kwambiri ndi a SARS, ngakhale kuti chiwerengero chake chimasiyana malinga ndi owerenga, chifukwa pali tizigawo tina tating'ono kwambiri tomwe asayansi sagwirizana ngati timapangadi mapuloteni ogwira ntchito.

Chenjerani ndi mayina. ORF3 ya kachilombo kena si ORF3 ya kachilombo kenanso. Nambalayo imangonena malo, osati ubale.

Nanga kachilombo kamawatenga kuti majini amenewa?

Tizilombo ta korona timadziwika ndi khalidwe losinthana zigawo za RNA. Puloteni yokopera RNA imatha kudumpha kuchoka pa ulusi umene imakopera n'kutera pa ulusi wina, kenaka n'kupitiriza ntchito ngati kuti palibe chachitika. Ulusi winawo ukhoza kukhala wa kachilombo kena komwe kali m'selo lomwelo.

Ka OC43, kena ka chimfine, kali ndi jini yotchedwa HE yomwe imafanana kwambiri ndi jini ya kachilombo ka influenza C, chomwe ndi chizindikiro chakuti makolo a tizilombo tiwiriti anakumanapo m'selo limodzi kalekale. Kachilombo kena ka korona kamene kanapezeka m'mileme ku China kali ndi jini yotchedwa p10 yochokera ku banja lina la tizilombo, la reovirus. Puloteni ya ns2 ija ili ndi zinzake zofanana nayo m'kachilombo ka rota ndiponso m'maselo a nyama zomwe.

Njira ina ndi yochenjera kuposa pamenepa. Selo limawerenga RNA zilembo zitatuzitatu. Mukayamba kuwerenga mutasuntha ndi chilembo chimodzi, ulusi womwewo umatulutsa uthenga wosiyana kotheratu. Jini ya ORF9b ili m'kati mwenimweni mwa jini ya N: zilembo ndi zomwezo, koma poyambira kuwerenga ndi posiyana, ndipo pamatuluka mapuloteni awiri osafanana n'komwe.

M'kachilombo koyambitsa COVID-19, jini iliyonse imachita chiyani?

Yodziwika bwino ntchito yake ndi ORF6, kapuloteni ka ma amino asidi 61 okha. Interferon ikafika pa selo, uthenga wake umanyamulidwa ndi mapuloteni otchedwa STAT1 ndi STAT2, omwe amayenera kulowa mu nyukiliyasi, mmene mumakhala DNA, kuti akayatse majini achitetezo. Polowera mu nyukiliyasi ndi pa timabowo tokhala ndi mapuloteni oyang'anira zolowa ndi zotuluka. Mu 2020, ofufuza a ku Mount Sinai mumzinda wa New York anasonyeza kuti ORF6 imamatirira pa awiri mwa mapuloteniwa, Nup98 ndi Rae1. Zikatero, STAT1 imatsalira kunja, ndipo mauthenga a selo amene amafunika kutuluka mu nyukiliyasi amatsekeredwa m'kati. Selo limalandira chenjezo koma silingachitepo kanthu.

ORF9b imagwira ntchito chenjezolo lisanaperekedwe. Imapita pa mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'selo, pamene pamadutsa uthenga wakuti kwalowa RNA yachilendo. Pamenepo imamatirira pa puloteni yotchedwa TOM70, ndipo interferon imapangidwa yochepa.

ORF3a ndi yaikulu pa zonse, ya ma amino asidi 275, ndipo m'kafukufuku wa mbewa, kuichotsa kumafooketsa kachilombo mobwerezabwereza. Kwa zaka zambiri inkatengedwa kuti ndi kanjira kodutsitsa mchere pa khungu la selo, koma kafukufuku wa mu 2023 anaiyesa mosamala n'kupeza kuti sidutsitsa mchere. Chimene magulu angapo a ofufuza akugwirizana n'chakuti imasokoneza ma lysosome, timatumba ta asidi tomwe selo limasungunuliramo zinyalala ndi tizilombo. ORF3a imamatirira pa puloteni yotchedwa VPS39 n'kulepheretsa kuti zinthu zofunika kusungunulidwa zifike m'timatumbati. Kuwonjezera apo, tizilombo ta gulu la SARS-CoV-2 timatulukira m'selo kudzera m'timatumba tomweti. Malo amene anayenera kukhala manda ake amasanduka potulukira.

ORF7a imalimbana ndi puloteni ya selo yotchedwa tetherin, imene imagwira tizilombo tatsopano kuti tisachoke pa khungu la selo. Imachepetsanso MHC-I, mapuloteni amene selo logwidwa limaonetsera tizidutswa ta kachilombo kunja kuti maselo achitetezo otchedwa T alizindikire n'kulipha. ORF8 ndi yachilendo chifukwa imatulutsidwa kunja kwa selo ndipo imapezeka m'magazi a odwala. Malipoti a ntchito zake ndi ambiri, ena otsutsana. Pamenepa tiyenera kunena chilungamo: kafukufuku wambiri wa mapuloteniwa anachitika pounjika puloteni imodzi yambirimbiri m'selo popanda kachilombo kenikeni, ndipo puloteni ikachuluka mopitirira muyeso imamatirira pa zinthu zomwe sikanazikhudza n'komwe m'matenda enieni. Zotsatira zodalirika ndi zimene zatsimikizidwa ndi kachilombo kathunthu m'nyama.

Nanga ORF10 imene imatchulidwa m'zolemba zina?

Ndi kachigawo ka ma amino asidi 38 kakumapeto kwenikweni kwa ulusi. Mu 2020 anapezeka odwala amene anagwidwa ndi kachilombo kokhala ndi ORF10 yoduka, ndipo matenda awo sanali opepuka kuposa a ena. Kachilomboko kankaswananso bwinobwino mu labotale. Si kachigawo kalikonse kokhala ndi dzina kamene kali ndi ntchito yaikulu.

Kodi zinachitikapo kuti anthu agwidwe ndi kachilombo kotaya jini yothandizira n'kudwala pang'ono?

Zinachitika ku Singapore kumayambiriro kwa 2020. Kumeneko kunafala mtundu wa SARS-CoV-2 umene unataya zilembo 382, zomwe zinachotsa mbali yaikulu ya ORF8 pamodzi ndi kachigawo koyambitsa kuwerengedwa kwake. Madokotala anayerekezera odwala, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu Ogasiti chaka chomwecho. Pa odwala 92 amene anali ndi kachilombo kathunthu, 26 anafunika kuikidwa pa okosijeni. Pa odwala 29 amene anali ndi kachilombo koduka kokha, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunika okosijeni. M'magazi mwawo munalinso zizindikiro zochepa za kutupa.

Nkhaniyi inasangalatsa ambiri, ndipo m'pomveka. Koma chiwerengero cha odwala chinali chochepa, ndipo mtunduwo sunaonekenso mwezi wa Malichi utatha, pamene dzikolo linkafufuza ndi kupatula aliyense amene anakhudzana ndi wodwala. Umboni wa ku Singapore ndi wamtengo wapatali chifukwa ndi wa anthu osati mbewa, koma ndi wa gulu limodzi laling'ono pa nthawi imodzi.

Ndiye tinganene kuti kachilombo kakataya jini yothandizira kamafooka?

Ayi, si lamulo. Mtundu wa Alpha, umene unayamba kuoneka ku Kent m'dziko la England chakumapeto kwa 2020, unali ndi ORF8 yoduka: pamalo a amino asidi ya nambala 27 panali chizindikiro chakuti selo lisiye kuwerenga, pamene puloteni yathunthu imakhala ndi 121. Kunena zoona, Alpha inalibe ORF8 yogwira ntchito. Koma inafala mofulumira kuposa mitundu imene inaitsogolera, ndipo kafukufuku wa ku Britain anasonyeza kuti inkapha kwambiri kuposa iyo. Mtundu wa XBB.1.5, umene unafala kwambiri kumayambiriro kwa 2023, nawonso unali ndi ORF8 yoduka, pa nambala 8.

Chifukwa chimodzi n'chakuti kachilombo ka korona sikadalira chida chimodzi. Kupatula majini othandizira, mapuloteni ena akuluakulu monga nsp1, nsp3, nsp15, nsp16 ndi N nawonso amalimbana ndi interferon, iliyonse pamalo pake. Jini imodzi ikathothoka, zina zimatseka mpatawo, makamaka ngati pa nthawi yomweyo spike yasintha mokomera kachilombo.

Mbiri ya SARS yoyamba ili ndi phunziro lina pa jini yomweyi. Tizilombo topezeka m'nyama zonga fungwe zotchedwa palm civet, zimene zinkagulitsidwa m'misika ya ku Guangdong, tinali ndi ORF8 yathunthu, chimodzimodzinso ta odwala oyambirira. Mliri utangoyamba kufala pakati pa anthu, kachilomboka kanataya zilembo 29, ndipo jiniyo inagawika pawiri kukhala 8a ndi 8b. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti kumeneku kunali kuzolowera thupi la munthu. Mu 2018, ofufuza a ku Germany anapanga mitundu yonse iwiri n'kuiyerekezera, ndipo anapeza zosiyana ndi zimenezo: kotaya zilembo 29 kankaswana mochepa kuposa kathunthu. Zikuoneka kuti kusinthako kunangochitika mwangozi mwa odwala oyambirira, ndipo kunafala chifukwa odwala amenewo ndi amene anapatsira anthu ambiri. Mliri umene unagwira anthu pafupifupi 8,000 n'kupha 774 unayambitsidwa ndi kachilombo kopunduka pang'ono.

Kodi majiniwa anathandiza kuti mitundu ina ya SARS-CoV-2 ipose inzake?

Pali umboni wakuti anathandizapo, ngakhale kuti spike ndi imene inali patsogolo. Ofufuza a ku London ndi San Francisco anapeza kuti Alpha yomwe ija, ngakhale inataya ORF8, inkapanga ORF9b, ORF6 ndi N zochuluka kwambiri kuposa mitundu yoyambirira, ndipo maselo a m'njira ya mpweya ankatulutsa interferon yochepa akagwidwa nayo. Chosangalatsa n'chakuti chimene chinasintha kwambiri si kapangidwe ka mapuloteniwo koma kuchuluka kwake. Munthu wongoyang'ana ngati puloteni yasintha maonekedwe sakanaona chilichonse.

M'banja la Omicron, mitundu ya BA.2 ndi BA.4 inali ndi kusintha pa amino asidi yomaliza ya ORF6, komwe kunachepetsa mphamvu yake yomatirira pa Nup98 ndi Rae1. BA.5 inali ndi spike yofanana ndi ya BA.4, koma ORF6 yake inali yosasinthika, ndipo pa ziwirizi, BA.5 ndi imene inafala dziko lonse mu 2022. Zimenezi pazokha sizikutsimikizira kuti ORF6 ndiyo inachititsa, popeza mitundu iwiriyi inkasiyananso m'malo ena.

Nanga MERS?

Kachilombo ka MERS kanapezeka mu 2012 mwa wodwala wa ku Jeddah m'dziko la Saudi Arabia. Kamachokera ku ngamila ndipo kamapha pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse amene atsimikizidwa kuti ali nako. Majini ake awiri, ORF4a ndi ORF4b, amaukira msampha umodzi mbali ziwiri. ORF4a imakuta RNA ya maulusi awiri kuti selo lisaione, pamene ORF4b imaphwanya 2-5A monga mmene ns2 ya mbewa imachitira. Ofufuza a ku University of North Carolina atachotsa majini kuyambira ORF3 mpaka ORF5, kachilomboka kanafooka kwambiri m'mbewa.

Pali funso limene lakhala likuvutitsa akatswiri. Ngamila zambiri za ku Africa zinagwidwapo ndi MERS, koma pafupifupi odwala onse odziwika anatenga matendawa ku Arabia kapena kwa munthu wochokera kumeneko, monga zinachitikira ku South Korea mu 2015, pamene wapaulendo mmodzi anayambitsa mliri wa anthu 186. Mu 2018, gulu la ku University of Hong Kong linapeza kuti tizilombo ta m'ngamila za ku Nigeria, Burkina Faso ndi Morocco tili ndi ORF4b yothothoka zigawo. Kafukufuku wotsatira wa gulu lomwelo anasonyeza kuti tizilombo ta ku Africa timaswana mochepa m'mapapo a munthu, ndipo kusiyana kwa spike kuli ndi mbali yaikulu pa zimenezi. Kuthothoka kwa ORF4b ndi mbali imodzi chabe ya yankho.

Kodi nkhaniyi ikukhudzanso ziweto?

Kwambiri, ndipo madokotala a ziweto anaiona kale anthu asanamve n'komwe za SARS. Amphaka ambiri amakhala ndi kachilombo ka korona m'matumbo popanda vuto lalikulu. Mwa amphaka ochepa, kachilomboka kamasintha kali m'thupi momwemo, n'kuyamba kuswana m'maselo achitetezo otchedwa macrophage. Pamenepo pamayamba matenda a FIP: mimba imadzaza madzi achikasu onanda, mphaka amaonda, ndipo asanapezeke mankhwala a GS-441524, pafupifupi onse ankafa. Tizilombo ta m'matumbo timakhala ndi jini ya 3c yathunthu, pamene tambiri topezeka m'ziwalo za amphaka odwala FIP timakhala ndi 3c yowonongeka. Zikuoneka kuti 3c imafunika poswana m'matumbo, ndipo kachilombo kakasamukira m'kati mwa thupi sikaifunanso. Apa kutaya jini kukuyendera limodzi ndi matenda oopsa, osati opepuka, ngakhale kuti kusintha kwa spike ndi kumene ambiri amakuloza ngati gwero.

M'nkhumba, kachilombo ka TGEV kamatsegula m'mimba ana a nkhumba mpaka kufa. Mu 1984 ku Belgium kunatulukira mtundu wake wotchedwa PRCV, umene unataya chigawo chachikulu cha spike ndipo nthawi zambiri ORF3 yake imakhala yowonongeka. Umenewu umakhala m'mapapo ndipo sudwalitsa kwenikweni. Utafala, unapatsa nkhumba chitetezo cholimbana ndi TGEV, ndipo matenda oopsa aja anachepa ku Europe. M'nkhuku, kachilombo ka IBV kali ndi jini ya 5b imene imaletsa selo kupanga mapuloteni ake, kuphatikizapo interferon.

Kodi majiniwa ndi amene amachititsa kuti wina adwale mwakayakaya pomwe mnzake wangotsokomola masiku ochepa?

Osati mwachindunji. Anthu awiri a m'nyumba imodzi amagwidwa ndi kachilombo kamodzimodzi, kokhala ndi ORF6 ndi ORF9b zofanana. Kusiyana kumachokera ku thupi la munthuyo: msinkhu, matenda ena amene ali nawo, katemera, ndiponso mphamvu ya interferon yake.

Chimene majini othandizira amachita ndi kuchedwetsa interferon, ndipo nthawi ndi imene imalamula zonse pamenepa. Mu 2016, gulu la Stanley Perlman la ku University of Iowa linasonyeza m'mbewa zogwidwa ndi SARS kuti interferon ikabwera msanga imateteza, koma ikabwera mochedwa, tizilombo titachuluka kale, imaitanira m'mapapo maselo ambirimbiri oyambitsa kutupa, ndipo kutupako n'kumene kumapha. Mu 2020, gulu lotsogoleredwa ndi Jean-Laurent Casanova linapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi pa 10 alionse amene COVID-19 inawafikitsa pakati pa moyo ndi imfa anali ndi ma antibody olimbana ndi interferon yawo yomwe, ndipo ambiri mwa iwo anali amuna. Kwa munthu wotereyu, kachilombo kamapeza chitetezo choyamba chitafooka kale, ndipo majini othandizira amangomalizitsa.

Kodi katemera wa COVID-19 ali ndi majini amenewa?

Katemera wa Pfizer, Moderna, AstraZeneca ndi Johnson & Johnson anapangidwa ndi malangizo opangira spike yokha pa majini onse a kachilombo ka korona. Mulibe ORF6, ORF8 kapena ina iliyonse mwa izi. Wa Sinopharm ndi Sinovac anapangidwa ndi kachilombo kathunthu kophedwa, komwe sikangaswane kapena kupanga mapuloteni atsopano m'selo.

Kodi majiniwa angathandize kupanga katemera kapena mankhwala atsopano?

Pa katemera, ganizo lake ndi lakale ndithu: kuchotsa majini othandizira kuti patsale kachilombo kamoyo kotha kuswana pang'ono m'mphuno, kokwanira kuphunzitsa thupi koma kosatha kudwalitsa. Mu 2004, ofufuza a ku Utrecht anachotsa gulu la majini a 3abc kapena la 7ab m'kachilombo koyambitsa FIP. Amphaka amene anapatsidwa tizilombo timeneti sanadwale, ndipo ambiri anatetezeka atapatsidwa kachilombo koopsa pambuyo pake. Mu 2022, gulu la ku Galveston m'chigawo cha Texas linachotsa ORF3, ORF6, ORF7 ndi ORF8 pamodzi mu SARS-CoV-2, ndipo kotsalako kanateteza mbewa ndi tinyama tonga mbewa totchedwa hamster. Vuto lake lili pa khalidwe losinthana RNA lija. Kachilombo ka katemera kakakumana ndi kachilombo kathunthu kodwalitsa m'selo limodzi, kakhoza kutenganso majini amene kanachotsedwa. Katemera wamoyo sayeneranso anthu amene chitetezo chawo n'chofooka kwambiri.

Pa mankhwala, amene alipo amalunjika pa mapuloteni amene kachilombo sikangachite popanda iwo. Nirmatrelvir, amene ali mu Paxlovid, amatseka nsp5, puloteni yodula mapuloteni ena a kachilombo. Remdesivir amasokoneza nsp12, yokopera RNA. Palibe mankhwala ovomerezeka olimbana ndi puloteni yothandizira, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuona: mankhwala olimbana ndi ORF8 akanakhala opanda ntchito pa Alpha ndi XBB.1.5, zimene zinataya jiniyo kale n'kumafalabe. Amene akufufuza mbali imeneyi amayang'ana kwambiri ORF3a, yomwe SARS-CoV-2 sinaitaye m'mitundu yake yonse ikuluikulu ndipo ili ndi zinzake zofanana nayo m'tizilombo tina ta korona, komanso malo amene ORF9b imamatirira pa TOM70, popeza maonekedwe a malowo anajambulidwa kale mwatsatanetsatane mu 2020.